Anagona Pabedi Kuti Ena Akaimirire pa Mars

Ambiri a ife tinamvapo mbiri ya a Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi wa sayansi uja amene mu 1964, caka cimene tinalandira ufulu, analengeza kuti Zambia idzatumiza anthu kumwezi ndi ku Mars. Pa famu ina kunja kwa Lusaka iwo anali kulowetsa acinyamata m'dilamu lopanda mafuta ndi kuligubuduza pamtsetse. Ena anali kuwakweza pa katungwe, kuti alaweko mmene munthu amamvera thupi likaleka kulemera. Anthu anaseka, atolankhani a kunja anaseka koposa, ndipo palibe combo cimene cinanyamuka. Komatu pa mfundo imodzi a Nkoloso sanalakwe: munthu asanapite kuthambo, ulendowo uyenera kuyamba wayesezedwa pansi pano. Izi ndi zimene akatswiri a ku Russia, ku America ndi ku Ulaya akhala akucita kwa zaka zoposa 50. Iwo dilamu saligwiritsa nchito ai. Cida cao cacikulu ndi bedi.

Nkhani yathu mwezi uno ndi ya anthu amene anadzipereka kugona pabedi miyezi yathunthu, ndi ena amene anatsekeredwa m'nyumba caka ndi miyezi isanu, kuti madokotala aone zimene zimacitikira thupi paulendo wa kuthambo. Makamaka tiona za timadzi tina ta m'magazi tochedwa mahomoni a masiteroidi. Maina ake asakuopseni. Mukafika kumapeto mudzaona kuti nkhaniyi ikhudzanso agogo amene ali gone kucipinda cicokereni kucipatala.

Combo catera, miyendo yakana

Mu Juni 1970 amuna awiri a ku Soviet Union, Andriyan Nikolayev ndi Vitaly Sevastyanov, anazungulira dziko m'combo ca Soyuz 9 kwa masiku pafupifupi 18. Kufikira nthawi imeneyo palibe munthu amene anakhalako nthawi yaitali cotero. Atatera, amuna amphamvu aja anacita kuthandizidwa kuti atuluke m'combo, ndipo panapita masiku angapo asanayambe kuyenda bwino. Madokotala anagwira pakamwa. Ngati milungu iwiri ndi theka icita zotere, nanga miyezi isanu ndi umodzi?

Cifukwa cake nci. Pa dziko pano pali mphamvu imene imakokera cinthu ciliconse pansi. Ndiyo imagwetsa mango mumtengo, ndiyonso imatipatsa kulemera. Usana wonse thupi limalimbana nayo ife osadziwa: mafupa amasenza, minofu imakunga, mtima umakankha magazi kuti akwere kumutu. M'combo cozungulira dziko zonse zimangoyandama, ndipo nchito yonse ija imatha mwadzidzidzi. Tsono thupi silisunga cimene sicigwira nchito.

Kutumiza munthu kuthambo nkodula, ndipo opitako ndi owerengeka. Cotero akatswiri a ku Moscow anapeza njira yotsanzirira ulendowo: kugoneka munthu wathanzi pabedi lopendekeka, kumutu kotsika ndi madigiri 6. Pa bedi la mamita 2, ndiye kuti kumiyendo kwakwera pafupifupi masentimita 20. Munthuyo amadya ali cogona, amasamba ali cogona, amadzithandiza ali cogona. Pa malo ofufuzira a ku Cologne, ku Germany, lamulo nlakuti phewa limodzi lisacoke pa matiresi usana ndi usiku. Ku Moscow, kuyambira mu 1986 mpaka mu 1987, amuna ena anagona motero masiku 370. Inde, odziperekawa amalipidwa. Ku Cologne mu 2019 aliyense analandira mayuro 16,500 pa masiku 60 ogona. Koma amene anagonapo mlungu umodzi ndi malungo adziwa kuti msana sumva za ndalama.

Amithenga a m'magazi

Mfumu ikafuna kuti mudzi ucite kanthu, siyenda khomo ndi khomo, imatuma amithenga. Thupi nalonso lili ndi amithenga ake: timadzi tocepa kwambiri topangidwa m'ciwalo cimodzi, toyenda m'magazi kukauza ziwalo zina zocita. Amenewa ndiwo mahomoni. Banja limodzi la amithengawa limachedwa masiteroidi. Onse a m'banjali amapangidwa kucokera ku kolesterolo, mafuta aja amene timangomva akunenedwa zoipa kucipatala. Popeza ndi amafuta, amalowa mpaka m'kati mwa maselo, nakalamula kuti selo lipange ici kapena lileke ico. Ncifukwa cake zocita zao sizioneka m'kuphethira kwa diso, koma zimakhalitsa.

Pamwamba pa impso iliyonse pali kaciwalo kolemera pafupifupi magalamu 5. Tiziwalo tiwiriti timapanga amithenga awiri amene tiwachula kwambiri m'nkhani ino. Woyamba ndi cortisol, mthenga wa nthawi ya mavuto. Iye amaculuka m'mamawa kuti tidzuke, natsika usiku kuti tigone. Koma munthu akavulala, akadwala kwambiri kapena akada nkhawa, amakwera, ndipo nchito yake yaikulu ndi kuonetsetsa kuti m'magazi muli shuga wokwanira ubongo. Waciwiri ndi aldosterone, msungi wa mcere ndi madzi: iye amauza impso kuti zisataye mcere mumkodzo, ndipo kumene kwatsala mcere madzi amatsalanso.

Palinso ena atatu. Testosterone, amene amaculuka mwa amuna, amamanga minofu. Estrogen, amene amaculuka mwa akazi, amachinjiriza mafupa. Ndipo vitamini D, amene khungu limapanga padzuwa, ndi msuwani wao: ciwindi ndi impso zikamusula, amasanduka homoni youza matumbo kuti atenge kashiamu m'cakudya, mwala womangira mafupa.

Masiku oyamba: nkhope yotupa, miyendo ya kakowa

Munthu akaimirira, magazi ndi madzi ambiri amatsikira kumiyendo. Kuthambo madzi ofika malita 2 amasamukira kucifuwa ndi kumutu, ndipo pabedi lopendekeka lija amasamukanso cimodzimodzi. Nkhope imatupa, mphuno zimatsekeka ngati wacimfine, mutu umawawa, pamene miyendo imaonda ngati ya kakowa. Apa mtima ndi impso zimanyengeka: zimayesa kuti madzi aculuka m'thupi. Aldosterone amatsika, impso zimatsegula njira, ndipo wogona uja amakodza mcere ndi madzi kupitirira muyeso. Pakutha pa masiku ocepa madzi a m'magazi amakhala atacepa ndi magawo 10 mpaka 15 pa 100. Pambuyo pake aldosterone amakweranso kuti kutayako kulekezere pomwepo, koma magazi amakhalabe ocepa.

Munthu ali cogona, vutoli silioneka. Limaonekera tsiku lodzuka. Magazi ocepa aja amathamangira kumiyendo, ubongo utsala pa njala, m'maso mucita mdima, munthu pansi khu! Ncifukwa cake oyenda kuthambo amamwa madzi pamodzi ndi mapilisi a mcere patatsala maola ocepa kuti atere. Onani kuti aldosterone sanalakwe kanthu. Iye anangomvera uthenga umene analandira. Uthengawo ndiwo unali wabodza.

Cortisol akapeza minofu ili gone

Kugona pabedi kokha kumadya minofu. Koma ofufuza anaona kuti bedi silitsanzira zonse. Wogona pabedi amakhala pamtendere: cakudya cikubwera, anamwino ali pafupi, ndipo cortisol wake sakwera kwenikweni. Kuthambo sikuli tero. Kuli phokoso la makina, tulo tocepa, nchito yothina ndi ngozi ya imfa. Pa maulendo angapo cortisol wa mumkodzo anapezeka atakwera, makamaka masiku oyamba. Tsono akatswiri a pa University of Texas Medical Branch, mumzinda wa Galveston ku America, anafunsa funso limene ndilo phata la nkhani yathu: zinthu ziwirizi, kusayenda ndi cortisol, zikakumana m'thupi limodzi, cimacitika nciani?

Yankho loyamba linatuluka mu 1999, m'kafukufuku wa Arny Ferrando ndi anzake. Iwo anapatsa amuna athanzi cortisol wa mankhwala, wochedwa hydrocortisone, kudzera m'mitsempha kwa maola 12, kufikira mlingo wonga wa munthu wovulala kwambiri. Ulendo woyamba amunawo anali akuyenda monga mwa masiku onse, ndipo minofu yao sinagwedezeke kwenikweni. Kenaka anawagoneka masiku 14, nawapatsanso mlingo womwewo. Ulendo uno minofu inayamba kugumuka, nkumatulutsira zomangira zake m'magazi. Mankhwala omwewo, anthu omwewo. Cimene cinasintha ndi kugona basi.

Mu 2006 Douglas Paddon-Jones, wa pa sukulu yomweyo, anaika ciwerengero pa nkhaniyi. Anyamata ogona masiku 28 popanda mankhwala anali atataya makilogalamu 0.4 a minofu ya m'miyendo. Anzao amene anagona masiku 28 omwewo, koma akulandira hydrocortisone maola 8 alionse, anataya makilogalamu 1.4, ndiko kuti kuposa katatu, ndipo mphamvu ya miyendo yao inatsika ndi magawo 28 pa 100.

Bwanji zitero? Cortisol anatumidwa kukapeza shuga, ndipo sabwerera cimanjamanja. Imodzi mwa nkhokwe zake ndi minofu: amaithyolathyola, natumiza zidutswa zake kuciwindi kuti zikasanduke shuga. Koma mnofu wogwira nchito umadzinenera. Kukunga kwake kulikonse ndi uthenga wakuti, "Ine ndikufunika, ndimangeni." Mnofu wogona ulibe wouimira pabwalo. Njala ikafika pamudzi, ng'ombe yoyamba kugulitsidwa ndi ija yosakoka ngolo.

Cortisol akakhalitsa pamwamba sathera pa minofu. Amafooketsa maselo omanga mafupa, ndipo amatsitsa citetezo ca thupi. Tizilombo tina timagona cete m'thupi la munthu moyo wake wonse, monga ka katsabola kamene tinadwala tili ana, kamene kakadzuka kamabweretsa mashingozi. Akatswiri a NASA atapima malovu ndi mkodzo wa oyenda kuthambo, anapeza kuti mwa oposa theka la iwo tizilombo ta mtundu umenewu tinali titadzuka, ngakhale kuti amene anaonetsa zizindikiro anali ocepa.

Masiku 520 citseko cili citsekere

Bedi limatsanzira kupepuka kwa thupi. Nanga kusungulumwa kwa ulendo wa ku Mars angakutsanzire bwanji? Pa 3 Juni 2010, pa Institute of Biomedical Problems ku Moscow, amuna 6 analowa m'nyumba yonga mathanki acitsulo olumikizana, yopanda mazenera, ndipo citseko cinatsekedwa. Atatu anali a ku Russia: Alexey Sitev, Sukhrob Kamolov ndi Alexander Smoleevsky. Enawo anali Romain Charles wa ku France, Diego Urbina woimira Italy, ndi Wang Yue wa ku China. Mauthenga ao anali kucedwetsedwa dala, monga momwe angacedwere pakati pa dziko ndi combo cakutali. Anatuluka pa 4 Novembala 2011, atatha masiku 520. Ulendo woyeseza umenewu umachedwa Mars-500.

M'nyumba muja munalibe njala, nkhondo kapena matenda. Komabe cortisol wa m'malovu ao anakhala wokwera kuposa mmene analiri asanalowe. M'kupita kwa miyezi amunawo anayamba kukhala pansi ndi kugona kwambiri, kuyenda kukucepa. Anai mwa iwo anavutika ndi tulo, ndipo mmodzi thupi lake linasiya tsiku la maola 24 nkuyamba kutsata la maola pafupifupi 25, kotero kuti masiku ena anali mtulo anzake ali maso. Taonani adani awiri a ku Galveston aja, nkhawa ndi kusayenda, atakumananso popanda bedi.

Nyumba yotsekedwayi inapatsa dokotala wina wa ku Germany, Jens Titze, mwai umene sunapezekepo kale. Cakudya conse cinali coyezedwa, ndipo mkodzo wonse wa tsiku lililonse unali kutungidwa ndi kupimidwa. Kwa masiku 205 a ulendowu, ndiponso pa ulendo wina wa masiku 105 umene unacitika mu 2009, iye anasintha cinthu cimodzi cokha: mcere. Anayamba ndi magalamu 12 pa tsiku, natsikira pa 9, kenaka pa 6. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kudekha kwa miyezi yonseyi kunaonetsa zimene mabuku sanali kudziwa.

Madokotala anali kuphunzitsidwa kuti mcere umene wadya lero umatuluka mumkodzo pofika mawa. Ai ndithu. Ngakhale mcere wa m'cakudya unali wofanana tsiku ndi tsiku, thupi linali kuusunga masiku ena ndi kuutaya masiku ena, mozungulira pafupifupi mlungu umodzi. Oyendetsa kuzunguliraku anali amithenga athu awiri aja. Aldosterone akakwera, mcere unali kusungidwa. Cortisol akakwera, unali kutayidwa. Ndipo anali kusinthana ngati amai awiri osinja pa mtondo umodzi, uyu akakweza munsi winayo atsitsa. Izi zinafalitsidwa mu 2013. Anaonanso kuti mcere ukacepa m'cakudya, kuthamanga kwa magazi kunali kutsika, ngakhale mwa amuna athanzi otere.

Mu 2017 gulu lomweli linatulutsa cina codabwitsa. Tonse timati mcere umadzetsa ludzu, ndipo pa tsiku limodzi nzoona. Koma pa miyezi yathunthu, amuna aja pamene anali kudya mcere wambiri anali kumwa madzi ocepa, cortisol wao atakwera, ndipo cimene anali kudandaula ndi njala. Ofufuzawo anayesa pa mbewa kuti amvetse. Anapeza kuti mcere ukaculuka, thupi limapanga urea wambiri, mtundu womwewo wa feteleza wobereketsa amene timathira m'cimanga, cifukwa impso zimamugwiritsa nchito pobweza madzi kuti asatayike. Kupanga urea kumafuna mphamvu ndi zomangira. Mbewa zimene zinali ndi cakudya cambiri zinangoonjezera kudya. Zimene sizinaloledwe kuonjezera zinaonda, pakuti mahomoni a banja la cortisol anakatapa m'minofu yao. Mbewa si munthu, komabe cenjezo lake lamveka.

Kodi jekeseni singathetse zonsezi?

Wina anganene kuti: ngati cortisol amagumula, tiyeni tingobaya testosterone amene amamanga. Poyamba ena anali kuganiza kuti testosterone amatha kuthambo. Koma mu 2012 Scott Smith ndi anzake a ku NASA, atapima amuna okhala miyezi pa International Space Station ndi ena ogona pabedi masiku 60 mpaka 90, anapeza kuti satsika paulendo kapena pabedi. Amangotsika kwa kanthawi pa tsiku lotera. Minofu inali kutha mmisiri womanga alipo, cifukwa panalibe womuuza pomanga.

Anayesabe jekeseniyo. M'kafukufuku wa mu 1999, amuna ogona masiku 28 amene anabayidwa testosterone popanda kucita masewera alionse anasunga thupi lao, koma mphamvu inathabe. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pambuyo pake ku Galveston anagoneka amuna 24 kwa masiku 70, nawagawa patatu. Gulu loyamba linangogona. Laciwiri linali kucita masewera olimbitsa thupi lili cogona, kupalasa njinga ndi kukankha zitsulo. Lacitatu linacita masewera omwewo, nkumalandiranso testosterone wocepa, milungu iwiri kubaya, milungu iwiri kupuma. Zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Oyamba aja anataya minofu ndi mphamvu. Aciwiri anasunga. Acitatu anaonjezerako minofu, koma cimene cinachinjiriza mphamvu ya miyendo m'magulu onse awiri ndi masewera.

Akazi naonso anagona. Mu 2005 ku Toulouse, ku France, akazi 24 anakhala pabedi lopendekeka masiku 60. Ena anapatsidwa cakudya coonjezera comanga thupi, ena anacita masewera, ena anangogona. Masewera anasunga minofu ya m'nchafu. Cakudya pacokha cinalephera.

Mafupa naonso anena zomwezo. Mai akasiya kusamba, estrogen amatsika, ndipo mafupa ake amapepuka ndi gawo 1 kapena 2 pa 100 pa caka. Woyenda kuthambo amataya gawo 1 mpaka 1.5 pa 100 la mafupa a m'ciuno pa mwezi umodzi. Kashiamu akamatuluka m'mafupa nkudzaza m'magazi, thupi limanyengekanso, limayesa kashiamu waculuka. Impso zimacepetsa kusula vitamini D, matumbo amacepetsa kutenga kashiamu m'cakudya, ndipo wotuluka m'mafupa uja amapita mumkodzo, kumene angathe kuumbika nkukhala timiyala ta mu impso. Okhala pa International Space Station amamwa vitamini D tsiku lililonse popeza dzuwa siliwaomba pakhungu, komabe amatha maola pafupifupi 2 pa tsiku akuthamanga ndi kukankha zitsulo. Pilisi silinalowe m'malo mwa thukuta.

Bedi la kunyumba kwathu

Owerenga okondedwa, ndi ocepa mwa ife amene adzakwere combo. Koma bedi lija lili m'nyumba zathu. Mu 1966 ku Dallas, ku America, anyamata 5 a zaka 20 anagonekedwa milungu itatu. Mu 1996 anapimidwanso ali ndi zaka 50, ndipo kunapezeka kuti milungu itatu ija inafooketsa mtima ndi mphamvu zao kuposa zaka 30 za kukalamba. Mu 2007 kunatuluka kafukufuku wina wa okalamba athanzi, a zaka pafupifupi 67, amene anagona masiku 10 cabe: anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya minofu ya m'miyendo, kuposa kawiri zimene anyamata anataya pa masiku 28. Amenewa anali athanzi. Nanga agogo amene athyoka mwendo kapena acitidwa opaleshoni, amene ululu ndi mantha zakweza cortisol wao? Iwo ndi cithunzi ceniceni ca kafukufuku wa ku Galveston. Tonse tinaonapo munthu amene matenda ake anacira, koma iye sanaimirirenso. Timati ndi ukalamba, pamene gawo lalikulu ndi bedi.

Ife osamala odwala timayesa cikondi ndi kunena kuti, "Gonani, musadzivute, tikucitirani zonse." Nthawi zina ndi cikondi comweco cimene cimawalanda miyendo. Alipo matenda amene amafunadi kugona, ndipo pa amenewo mau a dokotala ndiwo oyamba. Koma musacoke kucipatala musanafunse kuti, "Kodi odwalawa angayambe liti kukhala tsonga, kuimirira ndi kuyenda?" Akaloledwa, yambani pang'onopang'ono, pokumbukira cizungulire ca tsiku lodzuka cija: ayambe akhala m'mphepete mwa bedi, miyendo ili lende, kenaka aimirire mutawagwira. Joan Vernikos wa ku NASA anaonetsa mu 1996 kuti mwa anthu ogona masiku 4, kuimirira mphindi 15 pa ola lililonse kunathandiza kuletsa cizungulire, ndipo kuyenda kunacepetsa kutaya kashiamu. Kawirikawiri ndi pang'ono kuposa kamodzi ndi kwambiri. Amene sangathe kudzuka angathe kupinda ndi kuongola miyendo ali pomwepo.

Apatseni cakudya comanga thupi, nyemba, nshawa, mazira, kapenta, koma dzanja la mcere licepe. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza, ndipo kapenta wouma amabwera ndi mcere wake kale. Atulutseni panja aothe dzuwa la m'mawa, kuti thupi lisasokoneze usana ndi usiku monga la munthu wa ku Moscow uja. Ndipo mikangano ya ndalama za mankhwala musaikambire pamutu pao. Mtendere wa mumtima suli wa mzimu wokha; umafika mpaka m'magazi.

Mau otsiriza akhale pa masiteroidi a m'botolo. Mankhwala monga prednisolone ndi dexamethasone ndi abale a cortisol opangidwa ndi anthu, ndipo apulumutsa miyoyo yosawerengeka: a mphumu amawadziwa, ndipo mu 2020 kunapezeka ku Britain kuti dexamethasone amacepetsa imfa pakati pa odwala COVID-19 opumira makina. Koma akamwedwa nthawi yaitali amacita zomwe zija za cortisol: minofu imafooka, mafupa amapepuka, shuga amakwera, nkhope imatupa. Musawagule pamsika kuti munenepe kapena kuti mafupa aleke kuwawa. Ndipo amene wawamwa milungu yambiri asawasiye mwadzidzidzi, cifukwa tiziwalo ta pa impso tija timakhala titagona, ndipo timafuna nthawi kuti tidzuke. Dokotala ndiye wotsitsa mlingo. Mafuta ena oyeretsa khungu alinso ndi masiteroidi amphamvu amene amalowa m'magazi, ndipo anyamata obaya testosterone kuti atupe akatumba amaika mtima ndi ubereki wao pangozi.

Ulendo wa ku Mars, ndi zombo za masiku ano, ungatenge miyezi 6 mpaka 9 kupita kokha. Amene adzafike kumeneko sadzapeza anamwino owanyamula monga anacitira a Soyuz 9. Adzayenera kutsika okha ndi kuimirira okha. Ndi cifukwa ca tsiku limenelo kuti amuna ndi akazi aja anapereka misana yao. Koma phindu loyamba la kugona kwao lingafike msanga kwathu kuno, mawa m'mawa, pamene mdzukulu adzagwira agogo ake padzanja nkunena kuti, "Tiyeni, agogo, tifike pakhomo pokha."